Mowa wanga wa m'ndowa unasanduka viniga: kodi ndigule zipangizo za kunja?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Kapata, muno mu Chipata. Akuti: "Ndakhala ndikuonera pa YouTube azungu akufulula mowa kunyumba kwawo, mowa woyera ngati Mosi. Mu Okutobala ndinati ndiyese. Ndinagula chimera cha mawere pamsika, ndinachiwiritsa pamodzi ndi ufa ndi shuga, zitazizira ndinathira yisiti ya buledi n'kuvundikira ndowa ndi chitenje. Masiku awiri oyamba unkawira bwino kwambiri. Pomatha sabata unali utasasa, fungo ngati viniga, mayi akunyumba anakathira kudzala. Ine sindikufuna kugulitsa, ndingofuna chochita pa Loweruka. Kodi ndiitanitse balere ndi zipangizo ku Lusaka kapena ku Johannesburg?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula, koma pa zonse mwafotokozazi palibe chimene chinalakwika chifukwa chosowa chipangizo cha kunja. Mukanakhala ndi mapoto onyezimira aja a pa YouTube n'kuchita momwe munachitiramu, mukanapeza viniga yemweyo, kungoti wodula.

Mowa wanu unafera pamoto, usanafike n'komwe m'ndowa. Munawiritsa chimera. Chimera si ufa wamba woti chingokometsa mowa ayi, ndi chimene chimagwira ntchito yonse. Njere ya mawere kapena ya mapira ikayamba kumera, imapanga tinthu totchedwa ma enzyme, timene timaphwanya sitalichi wa m'njeremo kuti akhale shuga wodyetsa kamphukira kaja. Ife ofulula timangoinyenga njereyo: timaisiya iyambe kumera, ikapanga ma enzyme aja timaiyanika kuti isapitirire, kenako timagwiritsa ntchito mphamvu yakeyo kusandutsa phala lathu shuga. Yisiti sadya sitalichi, amadya shuga basi. Tsono ma enzyme amenewa amagwira ntchito bwino phala likakhala lotentha madigiri 62 mpaka 68, ndipo likapitirira cha m'ma 78 amafa. Madzi kuno ku Chipata amawira cha pa madigiri 96, chifukwa tili pamtunda. Ndiye onani: inu munapha antchito anu asanagwire khasu. Kuwira kwa masiku awiri kuja kunali yisiti akudya shuga wa m'paketi amene munathira. Atatha, m'ndowa munatsala phala lofunda, lopanda mowa wokwanira kudziteteza, ndipo tizilombo tina tinapeza phwando.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mfundo imeneyi amayi a kumudzi amaidziwa kuyambira kalekale. Ine ndinakulira pafupi ndi azakhali anga kumbali ya ku Chadiza, amene ankafulula mowa wa dima ndi wa bona. Phala ankaliphika kaye palokha, lipse bwinobwino, n'kuliphula. Kenako ankakhala pambali pake akulitakasa ndi mthiko wautali, akumapisa chala nthawi ndi nthawi. Mwana ukafulumira kubweretsa lichero la chimera, ankakubweza: "Iwe, ukufuna undiphere chimera?" Chala chikamapirira pang'ono osachotsa msangamsanga, m'pamene ankawaza chimeracho. Ndiyeno ndi maso ako umaona phala lolimba lija likusungunuka, mthiko uyamba kuyenda mopepuka, ukalawa lili tseketseke. Thobwa ndi limenelo. Zaka zambiri pambuyo pake, ndili m'kalasi, mphunzitsi akujambula pabolodi za amylase, enzyme yophwanya sitalichi ija, ndinangoti mumtima: awa akunena chala cha azakhali.

Ndipo pali chifukwa china chimene kuphika phala palokha kulili kofunika kwa ife kuposa kwa azungu a pa YouTube. Sitalichi wa balere amafewa pa kutentha komwe kuja kumene ma enzyme amagwirira ntchito, choncho iwo amangothira balere wawo m'madzi a madigiri 65 n'kudikira ola limodzi. Sitalichi wa chimanga ndi wa mapira ndi wouma mutu, amafuna kutentha kopitirira pamenepo kuti afewe, kutentha kumene ma enzyme sakhalitsa nako. Mukatsatira mzungu uja ndendende koma muli ndi mapira, mupeza madzi osatsekemera n'kumati mapira ndi achabechabe. Ayi, njira ndi imene yasiyana. Pakati pa kanema ndi mayi wofulula masese wa kumudzi kwanu, amene angakuphunzitseni za mbewu za kuno ndi mayiyo. Mupite tsiku limene akutereka, mumuthandize kuwaza nkhuni, muone. Mupite ndi thermometer m'thumba, ija ya kukhitchini yofika madigiri 100, ndipo pamene iye akupisa chala inu mupise chipangizocho n'kulemba nambala. Pa zonse zogula, ichi chokha ndicho ndikukuuzani kuti mugule lero.

Musanapitirire, sankhani mowa umene mukufuna, chifukwa masese ndi mowa wa m'botolo amasiyana pachiyambi pomwe. Masese amayenera kukhala owawasa. Phala loyamba amalisiya dala kuti lisase, mabakiteriya ofanana ndi amene amasasitsa mkaka agwire ntchito, ndiyeno amaliwiritsanso. Kuwawasa kumeneko ndi kumene kumautchinjiriza mowawo kwa masiku ochepa, ndipo umamwedwa ukadali kuwira, n'chifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba. Mowa woyera wa m'botolo sufuna mabakiteriya amenewo ngakhale pang'ono, umafuna yisiti yekha. Inu munayamba ngati mukufuna wa m'botolo, n'kuuvundikira ngati masese, n'kuusunga masiku oposa amene masese amakhala. Fungo la viniga lija limabwera ndi mabakiteriya amtundu winanso, amene amadya mowa weniweniwo n'kuusandutsa viniga, koma amangotha kutero ngati pali mpweya. Chitenje chimatchinga fumbi, mpweya sichitchinga. Tintchentche tating'ono tija timene timazungulira nthochi zakupsa ndi timene timawanyamula m'miyendo.

Tiyeni tinene kuti mukufuna woyera, poti ndi umene mwatchula. Yambani ndi chimera. Cha pamsika chimakhala chabwino nthawi zina, koma simudziwa chinamera masiku angati, chinayanikidwa pati, chakhala miyezi ingati m'thumba. Ine ndimakonda kumeretsa ndekha, ndipo kwa munthu amene akufuna chochita pa Loweruka, apa m'pamene pali kukoma kwa ntchitoyi. Gulani meda imodzi ya mawere a chaka chino. Musanachite china chilichonse werengani njere 100, muziike pa kansalu konyowa, mudikire masiku atatu. Zikamera zoposa 90 mbewuyo ndi yabwino. Zikamera theka, zotsalazo zidzangowolera pakati pa zinzake n'kununkhitsa chimera chonse. Mbewu ya kusitolo yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira musaiyandikire, ija ndi yodzala, si yodya. Ndipo njere zimene zagwidwa chuku, kaya mawere, kaya chimanga cha ufa wanu, tayani. Chuku china chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo satha ndi kuwiritsa kapena kuwira kwa mowa. Chizolowezi chakuti chimanga chowola chija "n'cha mowa" ndi chimodzi mwa zinthu za makolo zimene sindikuuzani kuti mutengere.

Tsukani mawerewo, zoyandama muchotse, muwanyike usiku umodzi ndi usana wake, mukusintha madzi kawiri kapena katatu. Kenako ayaleni pa saka yoyera yonyowa, mulu wake usapitirire kutalika kwa chala, muvundikire ndi saka ina. M'mawa ndi madzulo muziwaza madzi pang'ono ndi kuwatembenuza ndi manja. Mukapisa dzanja mudzamva kuti mkati mwafunda, ndi moyo umenewo, koma mukasiya osatembenuza kufundako kumaitana chuku. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi timizu toyera tidzakhala titalukanalukana, fungo lake ngati nkhaka yongothyola kumene. Tafunani njere imodzi: ikhale yofewa, yotsekemera pang'ono. Pamenepo yanikani pamphasa, mopyapyala. Musayanike pamalata otentha a mu Okutobala chimera chikadali chonyowa, chifukwa kutentha ndi chinyezi pamodzi zimapha ma enzyme aja. Chikauma gwa, chifikiseni m'manja, mupete ndi lichero kuti timizu ndi timphukira tichoke. Ngati mwasankha mapira m'malo mwa mawere, kupetaku musakudumphe, pakuti mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni wa cyanide, yemwe uja amapha ng'ombe ikadya mapira ophukira kumene. Pa mapira, tengani oyera. Ofiirira kwambiri aja amene mbalame zimawakana amathetha pakamwa ndipo amafooketsa ma enzyme. Mapira si mbewu yonyozeka pa nkhani ya mowa woyera: Eagle amene Zambian Breweries imapanga anayambira pa mapira, ndipo masiku ano amagwiritsanso ntchito chinangwa.

Mukafuna mowa wofiirira wonunkhira ngati chikonga cha nsima, patulani dzanja limodzi kapena awiri a chimera chouma, mukazinge m'chiwaya pamoto wochepa mpaka chifiire. Chokazingacho mphamvu chilibenso, ndi cha mtundu ndi fungo chabe, ndiye chisachuluke.

Yambani ndi malita 10, osati 20. Poto wake mumupeza m'nyumba, mbaula imodzi ikwanitsa, ndipo zikakanika simulira kwambiri. Tengani kilogalamu imodzi ndi theka ya chimera chogaya mokhakhala, ndi kilogalamu imodzi ya ufa wa chimanga. Chimeracho chivundulireni m'malita anayi a madzi ozizira, muchisiye ola limodzi kuti chidikhe. Madzi a pamwamba aja, otuwa pang'ono, atsanulireni m'chiwiya china mosamala, muwasunge. Ma enzyme ambiri asungunukira m'menemo. Zokhala pansi zija muziphatikize ndi ufa uja m'malita asanu ndi limodzi a madzi, muphike phala kwa theka la ola mukutakasa kuti lisapserere. Phulani, lizizire kufika cha pa madigiri 72, ndiyeno bwezeranimo madzi munasunga aja. Zikasakanikirana ziyenera kukhala pafupi ndi 65. Zikatsika, bwezerani pamoto pang'ono mukutakasa. Vundikirani poto, mumukulunge ndi bulangeti lakale, mumusiye ola limodzi ndi theka. Njira yotsanula madziyi sindinaipeke ine, ndi imene ofulula mowa wa mapira ku West Africa amagwiritsa ntchito, ndipo imathetsa vuto lija la sitalichi wouma mutu popanda kupha chimera.

Kuti mudziwe ngati ntchito yatheka, donthezani madzi a m'potomo pambale yoyera, mudonthezerepo ayodini uja wa pabala. Akasanduka wakuda ngati inki, sitalichi akadalimo, dikirani. Akakhala wofiirira momwe analili, zatheka. Za pambalezo mutaye, musabwezere m'poto.

Kusefa ndi ntchito yotopetsa, ndisakunamizeni. Balere ali ndi mankhusu amene amathandiza madzi kudutsa, mawere ndi ufa wa chimanga alibe, choncho nsalu imatsekeka msanga. Sokani thumba la nsalu yopyapyala ya makatani, muwiritse kaye, mulipachike pamwamba pa ndowa, ndipo mulole kuti zidonthe zokha. Kenako tsanulirani madzi otentha malita atatu kapena anayi pa zokhala m'thumbamo kuti shuga wotsalira atsike. Zotsala m'thumbazo zipatseni nkhuku kapena nkhumba, zidzakuthokozani. Madzi otsekemera mwasefawo tsopano awiritseni ola lathunthu, poto wosavundikira. Apa kuwiritsa n'kololedwa, ma enzyme ntchito yawo atha, ndipo moto ukupha tizilombo tonse tinabwera ndi chimera.

Pa kuwiritsaku m'pamene pamalowa hops, ndipo ichi ndi chinthu chokhacho chimene kuno simungachipeze m'munda. Hops ndi maluwa a chomera choyanga chimene chimafuna masiku ataliatali a chilimwe cha kumaiko akutali ndi equator. Ife tili cha pa madigiri 13 kumwera, usana wathu susintha kwenikweni chaka chonse, ndiye sichibereka bwino. Mu Africa muno amalima kwambiri kufupi ndi tauni ya George ku South Africa. Ntchito yake ndi iwiri: kuwawa kuja mumakumva mu Mosi, komanso kufooketsa mabakiteriya osasitsa. Mwamwayi safunika wambiri. Magalamu 10 mpaka 15 poyamba kuwiritsa akwanira malita 10, ndi ena asanu moto utatsala pang'ono kuzima ngati mukufuna fungo. Kapaketi ka magalamu 100 kakhoza kubwera m'thumba la malaya la mnzanu wochokera ku Johannesburg, ndipo mukakamanga bwino n'kukasunga mufiriji kakufikitsani patali. Ngati simumupeza, fululani opanda, muike makoko a ndimu kapena jinja pang'ono kumapeto, koma mudziwe kuti mowa wotero sukhalitsa. Ku Ethiopia ali ndi chitsamba chawo chotchedwa gesho chimene amawawitsira mowa wawo wa tella. Koma inu musayambe kukumba mizu yowawa m'phiri la Kanjala kuti muyesere. Kuwawa si umboni wakuti chinthu n'chodyedwa.

Kuchokera pamene mwaphula poto, khalani munthu wa nkhanza pa ukhondo. Chilichonse chokhudza mowawo, ndowa, chivundikiro, payipi, sefa, manja anu, chikhale chotsukidwa ndi chophedwa tizilombo. Supuni imodzi yaikulu ya Jik wopanda fungo m'malita anayi a madzi, kunyika mphindi 20, kenako kutsukuluza bwinobwino ndi madzi owiritsa. Kutsukuluzako n'kofunika, chifukwa klorini akatsalira mowa umamveka ngati mankhwala a kuchipatala. Pa chifukwa chomwecho, madzi a pampopi ofululira muwatunge dzulo lake, agone m'ndowa yosavundikira. Azakhali aja ankaletsa aliyense kusuzumira m'mbiya, ati munthu "wotentha" akayandikira mowa umasasa. Kaya inu mumazikhulupirira kaya ayi, lamulolo linkachititsa kuti manja a anthu khumi asalowe m'mbiya imodzi, ndipo ine ndimalisungabe.

Chiwiya chimene mowa uziwiramo ndi yisiti chikhale cha pulasitiki yosungira zakudya, chatsopano ngati n'kotheka. Kuno kwathu kuli thonje ndi fodya, zigubu za mankhwala opopera zili mbwee m'makomo, ndipo ndaonapo anthu akutungira madzi m'menemo. Chigubu chimene munakhalapo mankhwala kapena dizilo sichitsukika, ngakhale mutachita bwanji. Cha mafuta ophikira sichipha munthu koma mafuta otsalira amapha thovu. Ndowa ya malata nayonso ayi, mowa umadya chitsulocho. Pachivundikiro boolani kabowo, mulowetse kapayipi kopyapyala, mumate m'mbali mwake kuti mpweya usadutse, ndipo mbali inayo muiviike m'botolo la madzi. Mpweya wa mowa uzituluka kuti bwu-bwu-bwu m'madzimo, wa kunja usalowe. Chimene azungu amagula m'sitolo chija ntchito yake ndi yomweyi.

Tsopano Okutobala. Munasankha mwezi woipitsitsa pa chaka chonse. Yisiti wa mowa wamtundu wa ale amakonda madigiri 18 mpaka 22. Wa lager, mtundu wa Mosi, amafuna 8 mpaka 13 kwa milungu ingapo, zimene popanda firiji yodalirika musaziganizire n'komwe, makamaka ndi mmene magetsi amazimira. Mu Okutobala m'nyumba ya malata mumapitirira madigiri 30, ndipo mowa ukamawira umadzitenthetsanso wokha. Pa kutentha kotero yisiti amathamanga ngati wopenga, amatulutsa fungo la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndi mowa wopweteketsa mutu, pamene mabakiteriya osasitsa ndiye amakhala ali kwawo. Nyengo yofululira kuno ndi Juni ndi Julaye, pamene m'mawa timaotha moto, ndipo mawere atsopano amakhala atangolowa pamsika. Mukayamba nthawi imeneyo mowa wanu udzakhala utakhwima anthu akamapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti. Ngati simungapirire mpaka Juni, ikani ndowa m'beseni la madzi, muiveke saka yonyowa imene m'munsi mwake mwaviikidwa m'madzimo, muiike pansi pa simenti pamalo opita mphepo. Zimatsitsa madigiri angapo, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi. Palinso yisiti wa alimi a ku Norway wotchedwa kveik, amene amawira bwino ngakhale pa madigiri 35 osatulutsa zonunkha zija. Amagulitsidwa wouma m'timapaketi. Mnzanu wa hops uja akamabwera, mumutume ameneyunso, chifukwa pa nyengo yathu ndi wothandiza kuposa poto aliyense wonyezimira.

Yisiti wa buledi munagwiritsa ntchito uja sanalakwe kwenikweni. Ndi mtundu umodzi ndi wa ale, Saccharomyces cerevisiae, kungoti sadikha msanga ndipo amasiya kafungo ka buledi. Poyambira ndi wokwanira. Magalamu asanu kapena asanu ndi limodzi pa malita 10. Chachikulu n'chakuti muziziritse msanga madzi owiritsa aja, poto ali chivundikirire m'beseni la madzi ozizira amene mukusinthasintha, ndipo yisiti alowe akangotsika pansi pa madigiri 25. Ola lililonse limene madzi otsekemera akhala ofunda opanda yisiti ndi mwayi wa mdani. Nkhani yosankha yisiti mmodzi woyera si yakale kwambiri. Anayamba ndi Emil Christian Hansen mu 1883 ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, kampani yomwe ija inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, imene Green wake ambiri a ife tinamulawira kutsidya kwa Mwami. Izi zisanachitike, ngakhale ku Ulaya mowa unkawasasira momwe unakusasirani inu.

Mukatseka ndowa, isiyeni masiku 14. Musatsegule kuti muone. Kuwira kukasiya pa tsiku lachinayi sikuti zatha. Pano ndiye pali chipangizo chachiwiri choyenera kugula mukadzaona kuti ntchitoyi mwaikonda, hydrometer, kagalasi koyandama koyeza shuga. Musanathire yisiti kakhoza kuwerenga 1.045, pomaliza 1.010. Kusiyana kwake mukachulukitsa ndi 131 mupeza mphamvu ya mowa wanu, apa ndi pafupifupi 4.6 peresenti. Mukaona kuti poyamba kawerenga pansi pa 1.035, onjezani shuga magalamu 200 powiritsa, palibe manyazi. Koma phindu lake lalikulu ndi lakuti nambala ikakhala yosasintha masiku atatu otsatizana, mumadziwa kuti yisiti wamaliza.

Ndikunenetsa zimenezi chifukwa ine zinandionekera. Ulendo wanga wachiwiri kufulula, ndinali ndi alendo Loweruka lotsatira, ndiye ndinathira m'mabotolo pa tsiku lachisanu, n'kuwonjezera shuga supuni yodzaza m'botolo lililonse kuti thovu lichuluke. Ndinawaika m'katoni pansi pa tebulo m'chipinda chosungira zinthu. Usiku wachinayi, cha m'ma 2 koloko, tinamva phuu! Galu anayamba kuuwa, mayi akunyumba akuti akuba. Ndikuti ndiyatse tochi, linanso phuu! M'mawa tinapeza zidutswa za galasi zitalowa m'thumba la ufa, ufa wonse tinataya, ndipo khoma linanunkha mowa mpaka mvula. Mwana akanakhala pafupi, bwenzi ndikulemba nkhani ina. Choncho muyezo wake ndi uwu: magalamu asanu ndi limodzi a shuga pa lita imodzi, ndiye kuti atatu pa botolo la theka la lita, kasupuni ka tiyi kosadzaza. Chabwino koposa ndi kusungunula shuga yense m'kapu ya madzi owira n'kusakaniza ndi mowa wonse musanathire m'mabotolo. Ndipo poyamba gwiritsani ntchito mabotolo a pulasitiki a zakumwa za gasi, otsukidwa bwino. Amapirira mpweya, ndipo mumatha kuwafinya: likalimba ngati mpira wopopa, lakonzeka, liikeni pozizira. Zimatenga pafupifupi milungu iwiri. Muwasunge mumdima, chifukwa dzuwa likawomba mowa wa hops umanunkha kanyimbi. Mabotolo a mowa amakhala ofiirira pa chifukwa chimenechi.

Potsanulira m'mabotolo gwiritsani ntchito kapayipi, mowa uziyenda mwakachetechete osachita thovu, ndipo matope oyera a pansi pa ndowa muwasiye. M'botolo namonso mudzadikha timatope pang'ono. Pothira m'tambula muthire kamodzi, pang'onopang'ono, chala chimodzi chotsalira pansi muchisiye.

Ena adzakuopsezani kuti mowa wofulula wekha umachititsa khungu. Mowa wa chimera wongowira ndi yisiti supanga methanol woti n'kuvulaza munthu. Ukalakwika umangosasa kapena kununkha, ndipo pakamwa panu padzakuuzani. Zoopsa zimakhala pa kutcheza kachasu ndi pa anthu amene amathira spirit wa m'mafakitale kapena zinthu zina kuti mowa "ugwire". Zimenezo ndi nkhani ina, ndipo sindikuphunzitsani. Boma linaletsa tujilijili mu 2012 anthu ataona mmene mowa waukali wotchipa unkawonongera achinyamata. Za malamulo, mwanena kuti simugulitsa, ndipo mukhale pomwepo. Tsiku limene mudzalandire kwacha imodzi pa botolo mwalowa pansi pa Liquor Licensing Act ya 2011, ndipo mufunika chiphaso chodzera kukhonsolo. Ana osakwana zaka 18 musawalawitse, ngakhale atakuthandizani kupeta chimera. Iwo apatulireni thobwa musanathire yisiti.

Mudzaone kuti mowa woyamba sudzafanana ndi Mosi. Udzakhala wa chifunga pang'ono, thovu lake losakhalitsa chifukwa mawere ndi chimanga sizigwira thovu ngati balere, ndipo udzamveka mawere. Ine ndimaukonda choncho, ndipo sindiona chifukwa chothera Loweruka lathunthu kupanga chinthu chimene chili kale pa grosale ya pakona. Mukadzafulula katatu kapena kanayi n'kuona kuti mukufunabe kulawa wa balere, itanitsani makilogalamu asanu, nthawi imeneyo mudzakhala mukudziwa chochita nawo. Pakadali pano gulani kabuku ka masamba 40, muzilembamo tsiku, muyezo wa chimera, madigiri a phala, ndi mmene unamvekera. Botolo loyamba mukatsegulire panja, mutalozetsa kumunda.